Mafailo akale anakana kutseguka nditasintha Windows

Akonzi,

Ndine mlembi wa mpingo wathu kuno ku Dedza, ndipo kuyambira 2004 ndimalemba maminitsi ndi maina a obatizidwa pa kompyuta. Nditamva kuti chithandizo cha Windows 10 chatha pa 14 Okutobala 2025, ndinapita ndi laputopu kwa mnyamata wina wokonza makompyuta kuti andiikire Windows 11. Anafufuta zonse, mafailo okha ndiwo anandisungira pa fulashi.

Kufika kunyumba, mafailo akale aja osatseguka! Onse amathera ndi .wps chifukwa ndinkalembera mu Microsoft Works, pulogalamu yomwe inasiya kupangidwa kalekale, ndipo CD yake ndinataya posamuka. Tsiku lomwelo abusa ankafuna tsiku la ubatizo la mtsikana wina amene akukonzekera ukwati. Thukuta linandituluka.

Inu okonza makompyuta, muzitifunsa kaye pulogalamu imene timalembera musanafufute chilichonse, ife achikulire sitidziwa zofunsa.

Mdzukulu wanga ndiye anandiikira LibreOffice, pulogalamu ina yolembera yaulere, ndipo mafailo anatseguka, kungoti matebulo ena anasokonekera. Pano usiku uliwonse, magetsi akakhalapo, ndikumawasunganso limodzilimodzi ngati .docx ndi PDF. Ndafika chaka cha 2007.

Mlembi wa mpingo,
Dedza