Lipoti la msonkhano wa zolemba nyama ndi tizilombo ta m'magadeni

A Wapampando, akomiti, abale ndi alongo nonse a gulu lathu la Amalawi ogwira ntchito m'magadeni muno mu Johannesburg, zikomo pondituma. Msonkhano unachitika Loweruka lapitali ku Randburg, ndipo ambiri amene anabwera anali eni nyumba ndi aphunzitsi. Ogwira khasu ndi payipi tinali ochepa, chonsecho nkhani yonse inali ya zinthu zimene ife timapondana nazo m'mawa uliwonse abwana ali ku ofesi.

Chimene okonza msonkhanowo akupempha n'chophweka. Ukaona chamoyo chilichonse chakutchire, kaya ndi buluzi pakhoma, chule pafupi ndi dziwe losambira kapena nkhanga yalumpha mpanda, uchijambule ndi foni n'kuika chithunzicho pa iNaturalist. Pulogalamuyi ndi yaulere, inayamba mu 2008 ku California, ndipo kuno bungwe la boma loona za zamoyo, SANBI, limagwiritsa ntchito zimene anthu amaikamo. Dzina la chinthucho usavutike nalo, ena adzakutchulira. Ogwirizana pa dzina limodzi akaposa magawo awiri mwa atatu a anthu onse otchula dzina, chithunzicho chimayamba kuwerengedwa ngati umboni wa kafukufuku. Maluwa odzala abwana ndi agalu awo aziikidwa chizindikiro choti ndi zoweta, poti chofunika ndi chimene chabwera chokha. Anatchulanso mpikisano wa mizinda, City Nature Challenge, umene unayamba mu 2016 pakati pa Los Angeles ndi San Francisco ndipo umachitika masiku anayi kumapeto kwa Epulo. Mu 2019 Cape Town ndiye anatsogola pa kuchuluka kwa zojambulidwa, ndipo a muno nkhani imeneyi imawawawabe.

Kumene ndinatchera khutu kwambiri ndi pa kachilombo kotchedwa shot hole borer, chifukwa kakukhudza ntchito yathu. Ndi kafumbwe wa mitengo, wotalika mamilimita awiri okha, wochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo m'dziko muno anapezeka koyamba mu 2017 ku Pietermaritzburg. Sikuti amadya mtengo n'kuumaliza ayi. Amaboola n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi, nthambi n'kuyamba kuuma. Anatipatsa chipika kuti tichigwire. Timabowo take n'tating'ono ngati nsonga ya bolopeni, pambali pali utuchi wosalala ndi banga lonyowa pakhungwa. Ndikhulupirira ambiri mwa inu mwaziwonapo pa mitengo ya plane, oak ndi boxelder ya m'misewu yathuyi. Mapeyala nawonso amagwidwa. Ndiye apa pali pathu: abwana akagwetsa mtengo wodwala n'kunena kuti tengani nkhuni, ife timasangalala n'kukweza pa bakkie (galimoto ya pikapu) kupita nazo kwathu, osadziwa kuti tasamutsa kachilomboko dera lina. Langizo ndi lakuti nkhunizo zisachoke pamalopo, zidulidwe tizidutswa n'kufunditsidwa pulasitiki padzuwa kwa nthawi yaitali.

Za njoka zinautsa mkangano. Ndinawauza mosabisa kuti kwathu njoka ikaoneka pakhomo timayamba ndi ndodo, mafunso pambuyo. Anayankha kuti njoka yofiirira ya m'nyumba, imene imapezeka kawirikawiri m'magalaja, ilibe ululu ndipo chakudya chake ndi makoswe. Yoopsa muno ndi rinkhals, yakuda ya mizere yoyera pakhosi, imene imatukumula khosi, kulavulira m'maso, ndiponso kunamizira kufa. Mukaiona ili chagada musaitole. Ikakulavulirani tsukani m'maso ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala. Chithunzi jambulani muli patali, ndipo ineyo ndikuwonjezera kuti ngati mtima sukulola, thawani, palibe adzakulembeni m'buku.

Kadzidzi naye anamuikira kumbuyo. Amadya makoswe, koma akadya khoswe womwa poizoni amafa naye limodzi, ndiye poizoni amene timatumidwa kuthira kuseri kwa galaja akupha mlonda yemwe. Ndikudziwa kuti ena muno kadzidzi akalira padenga tulo timatha. Sindinapite kukatsutsa zimenezo, ndangobweretsa zimene ndinamva.

Panali gawo la mbalame, la kalembera wa SABAP2 amene anayamba mu 2007, koma limafuna munthu wodziwa kale mbalame ndi maola awiri athunthu oyendayenda. Ndi ntchito zathuzi, tilisiye kaye.

Funso langa lalikulu linali la malo. Chithunzi chimapita ndi malo enieni amene chajambulidwa, ndipo magadeni amenewa si athu. Mumzinda wa mipanda ya magetsi uno, munthu akhoza kuchotsedwa ntchito chifukwa cha bilimankhwe. Anandionetsa posankha kuti malo abisike, pulogalamu n'kumangosonyeza dera lalikulu la makilomita pafupifupi 20 mbali iliyonse. Komabe maganizo anga ndi akuti aliyense ayambe wapempha abwana, ndipo pachithunzi pasaoneke geti, nambala ya nyumba kapena galimoto. Za data yankho lawo linali loti tizijambula masana n'kudzatumiza tikapeza Wi-Fi. N'zotheka, ngakhale wolankhulayo sankaoneka ngati munthu amene bandulo inamutherapo pakati pa mwezi.

Pa nthawi yopuma ndinapempha kuti andionetse mapu a Malawi. Chigawo chino cha Gauteng chadzaza madontho a zojambulidwa mpaka misewu kusaoneka, pamene kwathu midzi yambiri ili mbee. Si kuti kulibe zamoyo, kulibe wojambula. Ife timapita ku Mzimba, ku Mangochi ndi ku Dedza mu Disembala, mvula itagwa, ngumbi zikuuluka ndipo achule akusokosera m'dambo. Gulo wa pamtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe amawerengedwa chimodzimodzi ndi wa ku Sandton.

Ndikupempha komiti ikambirane ngati tingagwiritse Lamlungu limodzi mwezi wamawa kupita ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort kukaphunzitsana kujambula. Kumeneko polowa amalipiritsa, ndiye msungichuma atiuze ngati thumba lingathandize. Likakanika, Delta Park ndi yaulere. Amene mafoni awo ali ndi malo abwere ataika kale pulogalamuyo, ndipo amene mwaona timabowo tija pamitengo ya kuntchito kwanu mundiuze sabata ino.