Tiyeni nawoni ana ku Botanic akadziwe mitengo yakwawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu, makamaka a kuno ku Zomba.

Loweruka lapitali ndinatenga adzukulu anga awiri kupita nawo ku Botanic Gardens, munda wosungirako mitengo ndi zomera zosiyanasiyana, m'tsinde mwa phiri. Wamkuluyo ali sitandade 6 ndipo sayansi amakhoza ndithu. Ntchito ya mizu, ya tsinde ndi ya masamba amainena pamtima osapunthwa. Koma nditamuimika pansi pa mtengo waukulu wa mbawa n'kumufunsa dzina lake, anangoti kukamwa yasa. Kenaka anati, "Agogo, si bulugamu umenewu?" Mtima unandiwawa. Mwana wobadwira ku Zomba, tauni imene mbawa zimatiphimba ndi mthunzi m'misewu, osadziwa mbawa!

Mwanayo sindikumuimba mlandu, ngakhalenso aphunzitsi ake amene ali ndi ana ochuluka m'kalasi imodzi. Ife tinadziwa mitengo chifukwa tinkaweta mbuzi, kutola nkhuni ndi amayi, kukwera phiri kukafuna masuku. Tinkadziwa kuti mlombwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndi kuti pamene paima mkuyu madzi sali patali. Mwana wa m'tauni lero mtengo wachilengedwe amakumana nawo utasanduka kale thumba la makala, uli panjinga.

Tikuyenda ndinawauza kuti munda umenewu unayamba m'chaka cha 1891, ndipo amene anauyambitsa ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ndi Harry Johnston, mtsogoleri wa boma la atsamunda, pamene Zomba inali likulu la bomalo. Ndinawauzanso kuti mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, dzina lake la m'mabuku a sayansi ndi Widdringtonia whytei, kuchokera pa dzina la Whyte yemweyo. Apa mdzukulu uja anandiyang'ana n'kufunsa: "Ndiye kuti anthu a ku Mulanje sankaudziwa mtengowo mzunguyo asanabwere?" Funso limeneli lokha linabweza ndalama yanga ya minibasi. Tinakhala pansi n'kukambirana kuti makolo athu anali ataupatsa kale dzina, ankadziwa fungo lake ndi kuti chiswe sichiugwira, ndipo lero mtengo womwewo watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje chifukwa cha ocheka matabwa mozemba. Mwana akadzifunsira yekha funso lotere, yankho lake saliiwala.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa mtsinje wa Mulunguzi, umene umadutsa m'mundamo. Wamng'onoyo, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anapisa dzanja m'madzi n'kukuwa kuti akuzizira ngati a mu firiji. Nditamufunsa kumene madzi akwathu amachokera, anayankha molimba mtima kuti ku mpopi. Ndinamulozera kumtunda n'kumuuza kuti pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi, ndipo madzi amene amamwa ndi kusamba kunyumba ndi a mtsinje womwewu. Kenaka ndinawauza afukule masamba ouma pansi pa mitengo. Anapeza dothi lakuda, lofewa, lachinyontho, muli nyongolotsi ndi tizilombo tambirimbiri. Ndinawakumbutsa mmene madzi a mvula amathamangira ali ofiira m'njira yakwathu, akukumba zigwembe, chifukwa palibe chowagwira. Wamkuluyo amakumbukira namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Anakhala chete kanthawi, akufinya dothi lija m'manja, ndipo ndinaona kuti zimene analoweza zija, zoti mizu imagwira nthaka, tsopano zalowa.

China chimene ana athu akuchisowa ndi kukhala phee. Ndinawapempha tikhale osalankhula kwa mphindi zochepa chabe. Poyamba zinali zovuta, kuseka ndi kugwedezana. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha: posakhalitsa anayamba kusiyanitsa kulira kwa mbalame, anaona apusi akudumpha m'nthambi, wina atakoleka mwana pamimba, ndipo anatsata mzere wa nyerere mpaka kuuna kwake. Pa foni ya mayi awo zinthu zimasintha mwana asanaphethire, koma pano anayenera kudikira. Ndipo wamng'onoyo atafuna kutaya pepala la bisiketi, mkulu wake ndi amene anamuletsa, nati aliike m'thumba chifukwa malowa ndi a anthu onse.

Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri a ife timakumbukira malo amenewa pa tsiku la ukwati lokha, pokajambulitsa zithunzi. Timati n'za alendo akunja ndi ophunzira a ku yunivesite. Ana timawasiya pa vidiyo tsiku lonse la Loweruka, pamene munda uli pompano, ena mwa ife tingafikeko wapansi. Pempho langa likupita kwa makolo, aphunzitsi, a Sande sukulu ndi a madrasa: konzani ulendo, ngakhale kamodzi pa teremu, ndipo mutenge gogo mmodzi wodziwa mayina a mitengo m'chinenero chathu. A ku Lilongwe muli ndi Wildlife Centre m'mbali mwa Lingadzi, a ku Blantyre muli ndi nkhalango ya Michiru. Kumudzi nako kuli nkhalango za m'midzi zimene mafumu ena asunga bwino.

Pobwerera, m'mbali mwa msewu, mdzukulu uja anazindikira yekha mtengo wa mbawa ndipo anatola nthanga zake zopyapyala zimene zinagwa pansi. Wazifesa m'machubu asanu kuseri kwa nyumba, amathirira m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndipo wandiuza kale malo amene akufuna tidzaziwokere mvula ikagwa mu Disembala.

Ine wanu,
Gogo wa ku Chinamwali, Zomba