Mvuu za ku Chia zasowa podyera

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Chia m'boma la Nkhotakota, komwe nkhani ya mvuu sichoka pakamwa pa alimi a mpunga ndi asodzi. Ikangolowa m'munda, aliyense amati aitaneni a gemu adzaiwombe. Ndikuumvetsa mkwiyo wa munthu amene walawirira kumunda n'kupeza mpunga wake wometedwa, wotsalawo utapondedwa m'matope. Koma tikawomba imodzi, inzake imadzera pomwepo.

Mvuu imaswera m'madzi chifukwa khungu lake silipirira dzuwa, likauma limang'aluka. Imatha kukhala pansi pa madzi pafupifupi mphindi 5 isanatulutse mphuno. Koma chakudya chake chili kumtunda. Kukada imatuluka kukadya udzu, pafupifupi makilogalamu 40 pa usiku umodzi, ndipo siisintha njira. Mukayenda m'mphepete mwa madzi m'mamawa mudzaona njirazo zitakumbika, mapazi a zala zinayi ali mbwee, ndowe zitamwazikira pa zitsamba chifukwa yamphongo imazipemerera ndi mchira. Ifeyo talima madimba ndi mpunga mpaka pamadzi penipeni, pa msipu womwe mvuu zinkadya kuyambira kale. Ndiye zikadye kuti?

Ngozi zambiri zimachitika munthu akapezeka pakati pa mvuu ndi madzi pamene ikubwerera mbandakucha, kapena bwato likayandikira yaikazi yomwe ili ndi mwana. Thupi lakelo lisatinamize, pamtunda imathamanga kuposa munthu. Sitidaiwale za ku Nsanje mu Meyi 2023, pamene mvuu idagubuduza bwato lodzadza anthu mu mtsinje wa Shire, miyoyo n'kutayika.

Asodzi anzathu akumbukirenso kuti ndowe za mvuu zimadyetsa tizilombo tam'madzi tomwe nsomba zimadalira.

Pempho langa likupita ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Musamabwere ndi mfuti pokhapokha maliro akachitika. Bwerani mukhale pansi ndi mafumu athu, tiyende limodzi tizindikire njira za mvuu, tigwirizane zosiya dambo losalimidwa m'mbali mwa madzi, ndipo mutithandize kukumba ngalande zakuya kuzungulira minda. Mvuu ili ndi miyendo yaifupi, siidumpha ngalande. Ntchitoyi iyambe chilimwe chino, mpunga usanawokedwe.

Mlimi wa mpunga,
Chia, Nkhotakota