Kujomba kwa Januwale kukulepheretsa ana kuwerenga

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za ana a Sitandade 1 ndi 2 amene amasowa m'kalasi mu Januwale ndi Febuluwale. Chimanga chikatha m'nkhokwe, makolo amapita kuganyu wopalira ndi kubandira, mwana wa zaka 7 n'kutsala pakhomo akulera mng'ono wake.

Makolo amati ndi masiku ochepa chabe. Komatu kuwerenga kumaphunzitsidwa motsatana: liwu la lembo, kenako maphatikizo ngati ma, me, mi, pambuyo pake ovuta ngati nkha ndi mphwa. Mwana akajomba sabata ziwiri amapeza anzake adutsa malembo angapo, ndipo mphunzitsi wokhala ndi ana odzaza kalasi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye yekha. Mudzamuona akuyendetsa chala pamzere, pakamwa akungotsatira anzake. Vutoli limabisala mpaka Sitandade 5, pamene mabuku a Chingerezi amamuchulukira, manyazi n'kumuthamangitsa pasukulu.

Kunyumba kuli chochita. Mphindi 15 kusanade zikwanira. Kholo kapena mkulu wake alembe padothi ndi kamtengo maphatikizo asanu, aziloza modumphadumpha, chifukwa powerenga motsatana mwana amangoimba. Kenako alumikize awiri apange mawu, monga nyu ndi mba. Akalakwa musamukalipire, mwana wamantha amangoti duu.

Kwa eni minda olemba aganyu, lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14. Mafumu ndi makomiti a sukulu aziyendera mindayi m'mawa, nthawi ya maphunziro.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza