Munajambula mbale, mwaiwala kope langa

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhulepo za ophunzira utolankhani amene anabwera kuno ku Kasungu mwezi watha kudzajambula zithunzi za mabanja amene ndalama imawavuta. Ine ndine mmodzi mwa ojambulidwawo. Ndimagulitsa tomato ndi bonya pamsika, ndipo ndikulera ana anga atatu ndi awiri a malemu mng'ono wanga.

Anawa anafika mwaulemu, sindinganame. Koma chithunzi chimene ndinachiona pa Facebook, pafoni ya mnansi wanga, ndi cha chitsirizira wanga ali pakhonde ndi mbale yopanda kanthu. Mbale imeneyo anali atangodyeramo phala! Wojambulayo akudziwa bwino, poti nayenso tinamupungulira lake. Lamulungu lotsatira amayi anzanga kutchalitchi ankandiyang'ana mwachisoni, wina mpaka kundifunsa ngati kwathu kwabwereranso njala ya 2002 ija.

Kuvutika tikuvutikadi. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndimagula oyeza, ndipo ufa ukatha pakati pa mwezi timadalira walkman. Koma nkhani yeniyeni anaidumpha. Akanandifunsa, ndikanawatulutsira kope limene ndimalembamo za tsiku lililonse: ya mpamba payokha, ya chigayo, ya makala, ya sheya ku banki mkhonde, ndi kotsala kamene ndimabisa m'chitini kuopa matenda a usiku. Akanadutsanso kwa mnansi wangayo. Amuna ake ndi tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo ndalama amaiona kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, bwana atadula kale ya chimanga chimene anawakongoza. Mayi ameneyu amaikoka ndalamayo mpaka Febuluwale, kwinaku akuthamangira ganyu wopalira. Mmene amakwanitsira, ngakhale ine wogulitsa pamsika sindimvetsa. Chithunzi chake ndiye ndikanakonda kuchiona.

Kwa aphunzitsi amene munatuma anawa, ntchitoyi isathe ayi, ndi yabwino. Koma auzeni kuti asanaike chithunzi pa intaneti azibwerera kaye kwa eni nyumba kukawaonetsa, pamodzi ndi mawu amene alemba pansi pake. Nkhope ya mwana isatuluke kholo lisanavomere. Mwana wangayo anzake kusukulu akumutcha "wa mbale".

Ophunzirawo anandilonjezanso chithunzi chotsukidwa cha banja lonse, chija tinavala zakutchalitchi. Ndikudikirabe. Benchi langa lili pafupi ndi ogulitsa nsomba zouma, akafunsa amayi a bonya aliyense awalozera.

Mayi wogulitsa pamsika,
Kasungu