Khoma lopaka laimu lingathe kugwira ntchito ngati sikirini ya foni

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndiyikepo mlomo pa nkhani ya makompyuta m'sukulu zathu. Ine si mphunzitsi ayi, ndili ndi kashedi koonetsa mpira konkuno ku Mangochi, TV ndinayisiya kalekale, ndimangoyatsa pulojekita n'kulozetsa pakhoma lomwe ndinalipaka laimu basi anthu n'kumakuwa ngati ali mu stediyamu. Nde tsiku lina kamwana ka mlongo wanga kanapita pakhomapo n'kumasisita ndi chala kuti kasinthe chithunzi ngati mmene kamachitira pa foni ya mayi ake, anthu anafa nacho chiseko koma ine ndinakhala kaye chete, chifukwa zomwe kamafuna mwanayu zinatheka kale kwa anzathu.

Mu 2007 Johnny Chung Lee, nthawi imeneyo akuphunzira pa Carnegie Mellon University ku America, anatenga rimoti ya gemu ya Nintendo Wii. Kumphuno kwa rimotiyo kuli kakamera koona kuwala kwa infrared, kuwala komwe kuja kumatuluka pa rimoti ya TV koma maso athu sakuona. Iye anapanga cholembera choti kunsonga kuli kababu ka infrared, kabatire ndi kaswitchi. Pulojekita ikuwunika pakhoma, rimoti waiyika pambali ikuyang'ana khomalo ndipo ikulankhulana ndi laputopu pa Bluetooth, iwe umangogunda makona anayi a chithunzi kuti kompyuta idziwe malire, ukatero paliponse wagunda ndi cholembera chija kompyuta imatenga ngati wadina mausi. Rimoti imodzi imatha kutsata zolembera mpaka zinayi nthawi imodzi, ndipo pulogalamu yake anaipereka ulere pa intaneti.

Ena anapitirira apo. Mu 2011 Chris Harrison ndi a Microsoft Research anaonetsa OmniTouch, kachipangizo kokhala paphewa kosandutsa chikhatho chako kukhala mabatani, mu 2017 a Sony anatulutsa Xperia Touch yowunika patebulo iwe n'kumadina ndi chala. Zimenezo ndi za a ndalama, tizisiye. Ine yanga ndi ya rimoti ija.

Taganizani kalasi ya Sitandade 6 ku Namwera kapena ku Makanjira, ana odzaza mpaka pakhomo, buku limodzi akulimbirana mulu wa ana. Tikadikira kuti mwana aliyense adzakhale ndi tabuleti yake imvi zidzatipeza tili pamzere. Koma khoma lilipo kale, laimu ndi wosavuta. Mapu atambalala khoma lonse, mwana wanyamuka wagwira cholembera n'kulondola Shire kuchoka m'nyanja ya Malawi, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kukalowa mu Malombe n'kutulukanso kulowera ku Liwonde, anzake onse akuona, ndipo mawa aphunzitsi sayambiranso kujambula ndi choko chifukwa zasungidwa mu laputopu.

Ndisakunamizeni kuti n'zophweka, pulojekita ndimagona nayo ndimadzuka nayo. Mdani wake woyamba ndi dzuwa, ndipo la kuno mukulidziwa. Masana mukapanda kutchinga mazenera chithunzi chimangoti mbuu, komanso dzuwalo lili ndi infrared yakeyake yomwe imasokoneza kakamera kaja. Mukatchinganso mazenera mu Okutobala pansi pa malata ana apsa, makinawo akatentha amazima okha, fumbi nalo limatseka sefa, yanga ndimaipukuta sabata iliyonse. Kuyima molakwika thupi lako limaphimba cholembera rimoti osachiona, mthunzi wako uli bii pa mapu. Za magetsi sindinena zambiri, sukulu zambiri zakumudzi zilibe n'komwe, pamafunika sola ndi batire yabwino, bola mapulojekita a LED sadya moto kwambiri ngati akale aja a babu.

Chondiwawa n'choti tikamva za tekinoloje timangoganiza zogula katundu wodula kunja, chonsecho anyamata okonza mafoni pamsika apa kababu ndi kaswitchi amawotcherera ali m'tulo. Ophunzira a ku MUST kapena MUBAS omwe akusaka pulojekiti yomalizira maphunziro, bwanji osabwera kudzayesa pa TDC (malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanirana) imodzi yokha kuno, temu imodzi, aphunzitsi eni ake anene ngati zikuthandiza kapena n'zoseweretsa chabe? Pulojekita musavutike nayo, yanga ndikubwerekani ulere m'mawa mkati mwa sabata, koma Loweruka ndi Lamulungu pepani, ndi pomwe ana anga amadyera.

Wowerenga wanu,
Mangochi