Kwa kampani imene inandithirira konkire kuseri kwa nyumba: mudzakonze kapena mubweze ndalama zanga

Ndalemba pano poyera chifukwa foni yanga simukuyankhanso, ndipo ku ofesi kwanu ndinapitako, ndinabwerako nditanyozeka. Bambo amene ndinawapeza pa kauntala sindiwatchula dzina. Akudzidziwa okha, ndipo inu mabwana awo mukuwadziwa.

Linali sabata yathayi, kaya Lachitatu kaya Lachinayi. Munandiuza nokha pa foni kuti ndibwere m'mawa, abwana adzakhalapo. Ndinapempha kuntchito, tsiku lathunthu losalipidwa. Ndinafika mvula ikuwaza, nsapato zili chonyowa, kotesheni ndi malisiti nditazikulunga m'pulasitiki mkati mwa jekete. Abwana kunalibe. Ndinakhala pa benchi maola awiri ndi theka, anthu obwera pambuyo panga akuthandizidwa ine ndikuona, chifukwa iwo amabwera kudzalipira pamene ine ndinabwera kudzadandaula.

Nthawi yanga itakwana ndinapereka moni mwaulemu, n'kutulutsa foni kuti ndiwaonetse zithunzi za madzi atadikha pa khomo langa lakuseri. Bambo aja anangosuzumira kamodzi, maso n'kubwerera pa foni yawo. Kenako akuti, "Nanga mvula timagwetsa ndife? Iwe ukufuna tikatseke kumwambako?" Iwe! Ine, mayi wa ana akuluakulu, kunenedwa kuti iwe pamaso pa anthu, ndalama zanga zili m'thumba mwa kampani yanu! Ndikuwatchula kuti bambo chifukwa ndi mmene ndinaleredwera, koma ndi mwana woti ndingamubereke. Wina pa benchi paja anaseka, wina anazolika. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa kuposa konkire yoonongekayo.

Inu amene mukuwerenga, mvetserani kuti muweruze nokha ngati ndikungolongolola.

Tinapangana bwalo la konkire la mamita 6 mulitali, mamita 4 mulifupi, kukhuthala masentimita 10, poti ndizikhalapo ndi adzukulu dzuwa likatuluka. Pa kotesheni munalemba kuti zonse zili momwemo. Ndinafunsa kawiri ngati mwaganizira za madzi, chifukwa mumzinda uno munthu sachoka pakhomo opanda ambulera, ndipo dothi la kuseri kwanga ndi dongo, madzi akalowa satuluka msanga. Munayankha kuti ndisadandaule, ntchito imeneyi ndi yanu ya tsiku ndi tsiku. Ndinalipira 50 peresenti ya mtengo wonse ngati dipoziti. Tsiku lothira munandiuza kuti galimoto ya konkire sinyamuka ndisanawonjezere 30 peresenti, ndinawonjezera. Pa 100 iliyonse imene tinagwirizana, 80 muli nayo inu. Malisiti onse awiri ndili nawo, ali ndi chidindo chanu.

Tsiku lothiralo kumwamba kunali kutada kuyambira m'mamawa. Ndinawauza a folomani kuti a zanyengo anena za mvula masana. Anandiyankha kuti galimoto yanyamuka kale, konkire yosakaniza siidikira munthu. N'zoona, ikasakanizidwa imafunika kutsitsidwa pasanathe ola limodzi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Koma anaiitanitsa tsiku limenelo ndani? Ndine? Ndipo pobwera ndi galimoto yonseyo munalephera kutenga pulasitiki yofunditsira, chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa ntchito yonseyi. Mvula inagwa konkire isanagwire. Ndinaima pa windo la kukhitchini ndikuona madzi otuwa akutsikira m'kapinga, atanyamula simenti imene ndinalipira. Mnyamata mmodzi anapitiriza kusalaza ndi chitsulo chake, akukankhira madzi a mvula mkati mwa konkire. Aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti madzi akachuluka pamwamba, khungu lonse la konkire limafooka. Lero ndikasesa tsache limabwera ndi mchenga. Miyala yayamba kuonekera. Ndikakanda ndi kiyi wa nyumba, pamatuluka fumbi.

Chachikulu ndi kutsetsereka. Bwalo la konkire limayenera kupendekera kutali ndi nyumba, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Pa mamita 4 anga, kumapeto kumayenera kutsika masentimita 8. Ndinabwereka levulo kwa aneba, tinayeza limodzi malo atatu, ndipo ponse pakusonyeza kuti bwaloli lapendekera ku nyumba. Tinathira ndowa ya madzi pakati, madzi onse anathamangira pa chitseko. Usiku mvula ikagwa ndimadzuka kukaika matawulo pa khomo. Khoma lanyowa m'munsi, penti ikutukusira, ndere zayamba kale kumera pakona. Ndiye ndifunse, bambo a pa kauntala: kupendeka kumeneku inapanganso ndi mvula, kapena ndi anthu anu amene anakhoma matabwa osayeza?

Pansi pakenso ndinaona ndi maso anga. Pa kotesheni pali miyala yotsendera ya masentimita 10. Imene munamwaza pa dongo paja inali yoti nsapato ikaponda dothi limaonekera, ndipo makina otsendera sanafike pakhomo panga. Mizere imene amadula pa konkire kuti ikamauma ing'ambikire mmenemo, simunadule ngakhale umodzi, chonsecho bwalo la mamita 6 limafunika kugawidwa. Konkire imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28. Yanga masiku amenewo asanakwane inali itang'aluka kale kuchokera pakona mpaka pakati.

Zonsezi ndinayesa kuwafotokozera bambo aja. Anandidula pakamwa, n'kutsegula dirowa, n'kundikankhira pepala ndi chala chimodzi. Bilu yatsopano. Kuswa konkire, kutuma galimoto yodzatola zidutswa, kuika ngalande, kuthiranso: ndiwonjezere 45 peresenti pamwamba pa mtengo woyamba, ndi 20 yotsala ija ndimalizenso. Chinthu chimene tinagwirizana pa 100 chifike pa 145. Abale anga, konkire ili kuseri kwangayo ndi makyubiki mita 2.4, kulemera kwake kukuyandikira matani 6. Munaithira molakwika ndinu, ndiye ine ndilipire kuti muiswe, ndilipirenso kuti muinyamule? Nditafunsa choncho anati ngati ndilibe ndalama ndikanasiya kapinga yemweyo. Atatero anaitana wotsatira ine ndili chiimire.

Sindikukana kuti kuthira konkire kumalo a mvula yambiri kumadula. Pamafunika ngalande, miyala yokwanira pansi, zofunditsira, ndi masiku amene amisiri amakhala osagwira ntchito podikira kuti kuche bwino. Zonsezo ndi ndalama, ndipo mukanazilemba pa kotesheni yoyamba ndikanalipira kapena ndikanadikira chaka china. Kampani ina inandipatsa mtengo wokwererapo, ngalande ili pa mzere wakewake. Ndinasankha inu chifukwa munatsitsa mtengo n'kunditsimikizira kuti zonse zilimo. Tsopano ndazindikira kuti munatsitsa pochotsa zinthu zomwezo zimene mvula imafuna, kuti mudzandilipiritse nditagwidwa kale. Mumagwira ntchito mumzinda uno chaka ndi chaka. Mvula ya kuno simungaitche ngozi yodzidzimutsa.

Chimene ndikufuna ndi ichi. Mubwere mudzaswe, mutsendere miyala monga munalembera, muthire bwalo lopendekera kutali ndi nyumba, mudule mizere, pa tsiku louma, pa mtengo umene tinasainirana. Ngalande yokhayo tikhoza kukambirana, chifukwa sinalembedwe. Ngati simungathe, mubweze 80 peresenti yanga yonse ndipo muchotse konkire yanuyo pakhomo panga. Ndikufunanso bambo aja apepese, pakamwa pawo, pa kauntala pomwepo.

Ndakupatsani masiku 7 kuchokera lero. Akatha, ndikuitana injiniya wapadera adzayeze ndi kulemba lipoti, ndipo ndalama ya injiniyayo ndidzaiika pa mlandu. Lipotilo, malisiti, kotesheni, mauthenga anu onse ndi kanema wa ndowa ija ndikapereka ku bungwe loona za ufulu wa ogula, kenako ku khoti. Ndipo tsiku lililonse limene mvula igwe, chithunzi cha khomo langa chidzaikidwa pansi pa malonda anu pano, mpaka mutayankha. Mukafufuta uthengawu ndiuikanso, ndausunga.

Amene munathiritsapo konkire kwa anthu amenewa n'kukumana ndi zofanana, ndilembereni, tikapite limodzi. Ndipo inu a kampani, musandiyankhe kuti ndibwere ku ofesi. Ndinabwerako kale. Ulendo uno mubwere ndinu, mutatenga levulo.